Phazi Loyamba Limakhala Lalifupi

"Malo ako ndi kumbuyo, kumanzere," anatero Lorna, akukankhira mchimwene wake ku bokosi la maliro a bambo awo. "Usatichititse manyazi, Dewey."

Manyaziwo Dewey anabwera nawo kale. Azibambo asanu amene anagwira bokosilo, onse a mimba zawo tsopano, ndi omwe ankamutsegulira njira m'timu ya kusekondale ya mpira wa ku America wothamanga nawo m'manja, m'katauni kawo ka ku Ohio. Iye ankathamanga ndi mpira, iwo ankagunda adani ndi mapewa kuti papezeke mpata. Ntchito yosatchukayi anawaphunzitsa ndi malemuwa, a Orville Tackett, amene anatha zaka makumi atatu ali kochi pabwalo lamatope.

Ndiye Dewey atatchuka kukoleji, kamwa linamuyabwa. Anauza wailesi kuti mipata ankadzipezera yekha. Tauni yonse inamva. Iye m'malo mopepesa anangosiya kubwera kumudzi zaka zisanu ndi ziwiri.

"Takulandira, bwana wodzipezera mipata," anatero Burl, chimphona cha gululo, osamuyang'ana n'komwe.

Ananyamula. Asanuwo anaponya phazi lofanana, lalifupi, nthawi imodzi. Dewey anatambasula mwendo ngati akuthawa galu, bokosi n'kupendekeka. Mayi ake anagwira pakamwa.

"Phazi loyamba limakhala lalifupi, iwe!" Burl ananong'ona mokalipa. "Pinda mawondo, msana uwongoke. Unakulira m'nyumba mwawo, sunamvepo?"

"Sindinkamvetsera."

"Tikudziwa."

Njira yopita kumanda inali yokwera, udzu uli wonyowa. Dewey ankangotsanzira mapazi a Burl. Atangotula bokosi, nsapato zake zonyezimira zinaterereka, iye n'kugwa chagada m'matope pamaso pa abusa ndi anthu onse. Sanayese kudzuka. Anaona kuti pamenepo mpomuyenera.

Manja asanu anamufikira nthawi imodzi, zala zawo zokhota chifukwa chothyokathyoka.

"Ndisiyeni," anatero Dewey. "Ndinakunyozani."

"Kutinyoza unatinyozadi," Burl anayankha uku akumukoka. "Koma lamulo la aKochi linali loti wothamanga akagwa, omutsegulira njira amudzutse. Utabwebweta zija pa wailesi, tinapita kukawafunsa ngati lamulolo likukhudzabe iwe."

"Anati chiyani?"

"Anatizungulitsa bwalo kanayi chifukwa chofunsa. Pamenepo n'kuti tonse tili ndi akazi athu kale."

Burl anamupukuta matope kumsana ndi chikhatho, n'kumuimika kutsogolo, pafupi ndi mayi ake. Asanuwo anabwerera kumbuyo.