Sikana Yanga Ndinaibereka

Anafika Loweruka m'mawa pa pikapu yochokera ku Edingeni: apongozi anga aamuna, alamu anga a Chikomeni omwe ndi akulu ake a malemu mwamuna wanga, ndi mlongo wawo Sellah. Mwezi unali utatha chimuikire Fanuel. Chimene anadzera ndinkachidziwa. Kwawoko mwamuna akamwalira katundu wake amamuyala pamphasa, abale n'kugawana kuti aliyense akhale ndi chomukumbukira. Zimenezo ine sindinkakana. Majekete, nsapato, njinga, masipanala, zonse ndinali nditatulutsa kale.

Koma a Chikomeni atangolowa pabalaza, maso awo sanagwere pamphasa. Analunjika pa shelefu.

"Ndi wailesi iyo, mlamu. Ibwere pano."



Si wailesi yoti mungamverepo nyimbo kapena mpira ayi. Ndi sikana, kabokosi kakuda kakalekale kokhala ndi mabatani a manambala ngati foni. Ntchito yake ndi kusakasaka anthu amene akulankhulana pa mawailesi a kuntchito. Ikapeza mawu imaima, iwo akasiya iyo imapitiriza kusaka. Fanuel anaipeza kwa mnzake wochokera ku Joni ili yakufa, mphemvu zitamangamo mudzi, n'kudzandiponyera pamiyendo uku akuseka. "Aphunzitsi a sayansi, tadzutsani ichi tione ngati sukulu munapitadi."

Ndinaidzutsa. Ine Mtisunge ndinakulira ku Dedza pa benchi ya bambo anga okonza mawailesi, ndipo chitsulo chowotcherera ndinachigwira ndisanadziwe n'kuluka tsitsi komwe. Ndinasintha tizipangizo tonse totupa. Ndinadula kadayodi kamodzi kamene eni ake anaikamo kuti isamamve mafunde ena, ndipo inatseguka makutu. Kumbuyo kwake ndinamangirirako mabatire a laputopu yakufa kuti magetsi akathima isamaiwale zimene ndaiphunzitsa. Manambala ndinkalowetsa ndekha ndi chala, kuyesa, kufufuta, kuyesanso, mpaka tchuthi chonse chinathera pomwepo. Ndinapeza alonda a moto a m'nkhalango. Ndinapeza ndege zodutsa pamwamba pa Mzimba. Koma tsiku limene ndinapeza madalaivala a malole a matabwa a ku Chikangawa, kumene Fanuel ankagwira ntchito, ndinakuwa mpaka aneba anathamangira kudzaona. Kuyambira pamenepo ndikaweruka kusukulu ndinkamumva mwamuna wanga akudandaula za chifunga ndi kutukwanizana ndi anzake. Tsopano iye kulibe, koma anzakewo akadalipo, ndipo ndikawamva nyumba imachepako kukula.

Vuto ndi lakuti kuno chinthu chikakhala ndi waya ndiye kuti ndi cha bambo. Alendo ankayamikira Fanuel, iye n'kumati "Timayesetsa," atanditsinzinira diso. Munthu woti babu ikapsa ankadikira ine!

Ndinagwada pakhomo la kuchipinda, nkhope itayang'ana kukhoma, poti mkamwana sayang'anizana ndi apongozi ake aamuna, ndipo salankhula nawo mwachindunji. Mawu amadzera mwa wina.

"Sellah, uwauze adada kuti zonse zili pamphasazo ndi za mwana wawo. Koma wailesiyo ndi yanga. Ndinaikonza ndine."

Sellah anabwereza m'Chitumbuka, motsitsa mawu ngati akupepesa. A Chikomeni anaseka mpaka kuwomba pantchafu.

"Yayi, mlamu, tisanamizane. Anagula ndani?"

"Anagula ndi Fanuel, n'kundipatsa."

"Mbwenu! Wagula ndi Fanuel. Mzimayi ndi wailesi ya asilikali wapi na wapi? Ine ndili ndi ng'ombe kuthengo, akuba achuluka chomene. Imeneyo izindiuza kumene apolisi ali."

"Ikakuuzani chiyani ku Edingeni opanda mlongoti? Mukaidinadina mabatani, ikaiwala zonse, mawa ana akaisandutsa galimoto yokoka ndi chingwe."

"Ndiye kuti ife ndi mbuli?"

"Sindinatero. Ndati ndi yanga."

Apongozi anatsokomola, onse n'kukhala chete. Ndi munthu wamkulu wosachulutsa mawu, ndipo sanandilakwirepo chikwatiwire. Anauza Sellah kuti andiuze kuti mwambo susankha: cha mwamuna chimabwerera kwa abale ake, ine nditenge ziwiya, bedi ndi makatani. Makatani! Ndinaluma mlomo kuti ndisayankhe zachipongwe. Ndikanaumeza mkwiyowo mwina, koma a Chikomeni anawonjezera zawo.

"Mwana simunatisiyire, mlamu. Ndiye mutikanizenso ndi wailesi?"

Aaa, abale. Mawu amenewo anandilasa penipeni. Zaka zonse zija ine ndi Fanuel tinayenda m'zipatala, tinapemphera, tinalira awiriwiri, ndipo iye sananditonzepo ngakhale kamodzi. Lero munthu adzanditonze m'nyumba mwanga, pamphasa ya zovala zake? Misozi inabwera koma ndinaibweza. Sindinafune kuti a Chikomeni aione.

"Sellah, uwauze adada kuti ndamva. Andilole ndikaipukute fumbi."

"Yewo," anatero a Chikomeni, akudziwongola pampando.

Ndinainyamula pa shelefu, ndinazula waya wa mlongoti wa padenga n'kulumikiza kaeriyo kake kakafupi, ndipo ndinalowa nayo kuchipinda. Mutu unali phee. Ndinavula bulauzi, ndinavula siketi, zonse. Ndinatenga chitenje chimodzi chachikulu, ndinawerama, ndinaika sikana pamsana, n'kukulunga nsaluyo kuyambira m'khwapa mpaka m'mawondo. Mfundo ndinamanga imodzi yokha, pachifuwa. Kenako ndinapisa dzanja kumbuyo n'kuiyatsa.

Nditatuluka, Sellah anagwira pakamwa. Apongozi anatembenuzira nkhope kuwindo msangamsanga ataona mapewa anga ali pamtunda. Ndinagwada pamalo panga pomwe paja, kaeriyo katatulukira pafupi ndi khutu langa, sikana ikuti tsiii, tsiii, kusaka anthu.

"Ichi ntchivichi?" A Chikomeni anadzambatuka. "Misala yanji imeneyi?"

"Wailesi yanu nayi, alamu. Bwerani mudzamasule."

Anaponya phazi limodzi.

"Khala pasi!" Apongozi anabangula osatembenuka. A Chikomeni anabwerera pampando ngati mwana wa sukulu. Mkuluyo anapuma kaye, kenako anati, "Sellah, kamasule ndiwe."

Sellah anabwera akukwawa ndi mawondo. Ndi mnzanga Sellah, tinkagona mphasa imodzi pamaliro, ndiye amene ankandimwetsa phala ndikukana kudya. Anaika dzanja pamfundo ija.

"Mlamu, ndapota, osatichititsa manyazi," ananong'ona.

"Masula," ndinayankha mokweza kuti onse amve. "Koma udziwe kuti m'katimu mulibe kanthu. Nsalu ndi yomweyi. Ikagwa wailesi, nane ndiima chilili pamaso pa adada mmene ndinabadwira, ndipo sindithawira kuchipinda."

Dzanja la Sellah linachoka ngati lagwira mbaula. Nthawi yomweyo sikana inapeza munthu. Dalaivala wina wa ku Chikangawa anayamba kulalata kuchokera pamsana panga, akufunsa kuti ndani watenga jeke wake osabweza, mnzake n'kumuyankha kuti akafunse apongozi ake. Palibe anaseka. Tinangokhala choncho anthu anayi, tikumvera anthu osawaona akukangana za jeke.

"Mfiti iyi," a Chikomeni anang'ung'udza. "Adada, mukumulekerera?"

Apongozi anaimirira pang'onopang'ono atatsamira ndodo yawo. Sanandiyang'ane. Analankhula m'Chichewa, mwadala, kuti pasafunike wondimasulira.

"Sellah, umuuze mkamwana kuti mwana wakeyo asunge. Akadzadwala, amutume yemweyo kuchipatala. Akadzamwalira, amulire yemweyo. Ife kwathu ndi ku Edingeni."

Anatuluka. A Chikomeni anakulunga mphasa ndi zonse zinali pamenepo, njinga anaikweza pa pikapu moiponya. Tiyi amene ndinawakonzera anazizira m'makapu osakhudzidwa, ndipo kuno mlendo akakana chakudya chako wanena zonse. Sellah anatsalira pang'ono pakhomo. Kenako anakonza mpango wake n'kutsatira abale ake.

Galimoto itapita ndinalira, osati pang'ono. Ndinalira chifukwa mkulu uja ndinkamukonda ngati bambo anga, ndipo ndinadziwa kuti pakhomo pake sindidzapondanso. Ndinalira chifukwa manda a Fanuel ali komweko. Mabatire anali atatentha, akundiwotcha pamsana, mawondo atachita dzanzi pasimenti. Koma kunena kuti ndinadandaula, limenelo lingakhale bodza. Akanabweranso mawa lake ndikanavulanso.

Ndinadzuka, ndinapukuta nkhope, ndinamangitsa mfundo ija. Panja pikapu inali itasiya matope ndi zinyalala, ndiye ndinatenga tsache n'kutuluka momwemo, sikana ili kumbuyo. Aneba anali atandanda kale pampanda, ena atanyamula ana kuti aone bwino mphunzitsi wopenga. Ndinawapatsa moni mmodzimmodzi, ndinapisa dzanja kumbuyo, n'kukweza voliyumu.