Paipi Yozondoka

Unali m'mawa, mvula ikuwaza pa mazenera a labu, pamene Aphunzitsi anapeza wophunzira wawo atazyolika patebulo. Patsogolo pake panali paipi yaitali yong'ambidwa pakati, yodzaza matope otuwa amene anakatapa pansi pa nyanja yamchere, pamene mtunda umatsetserekera kwakuya.

Mtsikanayo ankayeza kaboni amene zomera ndi tizilombo takufa timasiya m'matopemo. Mapaipi ena onse ankasonyeza kaboni wambiri pamwamba, wocheperachepera kupita pansi. Iyi yokha inkakana.

"Ndabwereza katatu, Aphunzitsi," anatero osadzutsa mutu. "Mwina mutu wangawu si wa ntchito imeneyi. Mawa ndikawauza oyesa mayeso kuti andichotse."

Bambo wosamala chipinda chozizira, amene onse ankawatcha Achisanu, anatulukira akupukuta manja.

"Achemwali, musalirire matope. Matope alibe chisoni. Ine ndakhala nawo zaka zonsezi, sanandifunsepo kuti ndadzuka bwanji."

Aphunzitsi sanaseke. Anali kuyang'ana kumapeto kwa paipiyo, pa kamuvi kofiira kosonyeza mbali ya pamwamba. Kanali kokhota, konjenjemera. Anakumbukira tsiku lija lotapa matopewo ali m'sitima ya panyanja: mafunde akuwadwalitsa, achinyamata akuwapempha kuti akagone, iwo akukana poopa kuoneka okalamba. Analanda cholembera, nalemba paipi itagonekedwa kale pansi, kenako anathamangira ku ndowa kukasanza.

Anagwira matope a mbali ya kamuviyo. Anali olimba ngati dongo loumbira. Anagwira mbali inayo, chala chinalowa chokha. Matope atsopano, ofewa, oyenera kukhala pamwamba, anali kumene iwo analemba kuti ndi pansi.

Akanatha kunena kuti paipiyo yaonongeka, itayidwe, nkhani n'kuthera pomwepo. Mtsikanayo akanavomera, n'kupitiriza kudzikayikira.

"Mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "sunalakwitse kanthu. Paipiyi ndi yozondoka. Kamuvi aka ndinalemba ndine."

Mtsikanayo anawayang'ana, kenako anayang'ana pansi, ngati wolakwa ndi iye.

"Milungu yonseyi," ananong'ona.

"Inde. Ndipo ndinakukalipira kuti suyeza mosamala."

Achisanu anatsokomola. "Paja tsiku lija, bwana, ngakhale inuyo simunkadziwa kuti kumutu kwanu ndi kuti."

Palibe anaseka. Achisanu anabwerera m'chipinda chawo mwakachetechete.

"Mawa ndikalankhula ndine kwa oyesa mayeso, usanayambe iwe," anatero Aphunzitsi.

"Simukuyenera kutero."

"Ndikuyenera."

Mtsikanayo anapukuta maso ndi mkono wa malaya, nakokera kompyuta pafupi kuti ayambe kutembenuza manambala ake. Sanawathokoze, ndipo iwo sanayembekezere kuthokozedwa.

Aphunzitsi anavula jekete, napinda malaya. Pasinki panali mulu wa timbale tagalasi tamatope, ntchito imene anasiya kuigwira kalekale. Anatsegula mpopi, nayamba kutsuka kamodzikamodzi.