Mayi wa Malonda a Penti

Pamzere wa mashopu uja, aliyense ankadziwa kuti foni ya telala wamkazi siipuma. Inkakhala m'kambale ka mabatani pambali pa makina osokera, ndipo ikalira, mabatani onse ankanjenjemera nayo limodzi. Mayi wometa tsitsi wa khomo loyandikana ankasuzumira, sizasi ili m'manja.

"Ndi omwewo a matabwawo?"

"Ndi omwewo."

"Koma mwana iwe unawadyetsa chiyani? Anga amandiimbira pokhapokha akasowa makiyi."

Telala ankangoseka, singano ali nayo pakamwa. Woimbayo anali kalipentala wa kuseri kwa msika, bambo wamtali, wosayankhulayankhula, amene mkazi wake anamwalira zaka zingapo zapitazo. Anadziwana atabwera kudzakonza mwendo wa tebulo lodulirapo nsalu. Tebulo analikonza tsiku lomwelo, koma anabweranso kudzaona ngati silikugwedera, n'kubweranso, mpaka tsiku la ukwati linadziwika. Kalipentalayo ndi amene anam'patsa telala dzina loti Kasingano.

Kalipentala ankagwiritsa ntchito layini yotchipa ija, imene mayunitsi ake sachedwa kukwana koma amachedwa kutha. Vuto lake linali limodzi. Ukaimba, foni isanalowe, unkayamba wamvera kaye malonda. Polembetsa ankakufunsa ntchito yako kuti azikutsatsa zokuyenera: ophika ankamva za mapoto, oyendetsa galimoto za matayala, amisiri za simenti, misomali ndi malata. Telala layiniyo anaikana. Ankati alibe mtima womvera za zipi pamene kasitomala akudikira.

Chimene sankauza munthu n'chakuti chibwenzi chakecho chinali ndi mawu awiri. Nthawi zambiri akayankha ankamva mawu ouma ngati thabwa: "Ndimangokuyendera. Chabwino, ndili pantchito." Foni n'kuduka. Pasanapite nthawi inkaliranso, mawu omwewo. Koma mwa apo ndi apo, patsiku mwina kamodzi, mwina ayi, kunkabwera mawu ena. Ankayamba ndi kupumira pang'ono, ngati munthu akumeza kanthu. Kenako, motsitsa: "Kasingano, ulipo? Usadule. Ndiuze chilichonse, ngakhale za ulusi." Mawu amenewo ndi amene telala anawakonda. Ankaimitsa makina, n'kutembenukira kukhoma, n'kumadziona ali m'nyumba ya makatani oyera, mwamunayo akumuyankhula choncho m'mawa uliwonse. Ankaganiza kuti munthuyu ali ndi chitseko china mumtima chimene chimatseguka chokha, ndipo ankadikira tsiku limene adzapeze kiyi wake.

Tsiku lina masana kunabwera achemwali ake a kalipentala kudzayesa diresi loti adzavale paukwati. Anali mayi wathupi, wokonda nthabwala, ndipo anali atayamba kale kumutchula telala kuti mlamu. Foni ya mchimwene wawo inali pomwepo pashelefu, ikutchajidwa, chifukwa kushedi kumene kalipentalayo ankagwirira ntchito kunalibe magetsi.

"Mlamu, m'chiunomu mwandipanikiza. Mukufuna ndidzakomoke anthu asanadye?"

"Mwanenepa ndinu, tepi siinama."

"Tepi yanuyo ndi ya nsanje."

Lesi ya m'khosi inali yosakwana, ndipo telala anafuna kufunsa wogulitsa nsalu ngati inalipo ina yofanana. Foni yake inali itatha mayunitsi. Anatenga ya kalipentala, n'kuimba, n'kuiika pa laudi yoti mawu azimveka mokweza, n'kuisiya pamwamba pa makina kuti manja apitirize kubaya mapini.

Kunalira kanyimbo kakafupi. Kenako mawu a mzimayi, ofewa, okhala ngati akumwetulira: "Kodi nyumba yanu yatopa? Musaisiye ili yakuda choncho. Bwerani musankhe penti, iwale ngati tsiku loyamba." Mzimayiyo anaseka pang'ono, kaseko kongothawa m'kamwa, n'kumaliza kuti, "Ndikukudikiranitu."

"Zimitsani," anatero achemwali.

"Ndi malonda chabe, ilowa pompano."

"Mlamu, zimitsani!"

Telala anadula. Achemwali anali atakhala pampando osasamala za mapini, dzanja lili pakamwa, nthabwala zonse zitawathawa.

"Kodi chachitika n'chiyani?"

"Awo ndi malemu. Mkazi wa achimwene." Anapuma kaye. "Ankagulitsa m'sitolo ya zomangira. Abwana awo anati mawu awo ndi abwino, n'kuwajambula. Tinkawaseka kuti asanduka a pawailesi. Ine ndimayesa zinafufutidwa kalekale. Mpaka lero akuwaikabe?"

Telala anayang'ana foni ija, yong'aluka pakona, utuchi utalowa m'mabatani. Anaitenga n'kutsegula pamene pamaoneka manambala oimbidwa. Kupatula nambala imene anali atangoimba kumene, panalibe dzina lachilendo ngakhale limodzi. Linali lake lokhalokha, Kasingano, Kasingano, Kasingano, kutsika mpaka chala kutopa. Dzulo lake bwenzi atasangalala nazo. Tsopano anayamba kudzifunsa kuti mwamunayo ankafuna kumva ndani kwenikweni.

"Achemwali, tandidikirani. Musavule, mungabayidwe."

Njira ya kushedi inkadutsa pakati pa okonza njinga ndi ogulitsa zitsulo zakale. Dzuwa linali paliwombo. Anapeza kalipentala akupala thabwa la bedi, bedi lawo lomwe, pensulo ili kukhutu. Ataona foni m'manja mwa telala anamwetulira.

"Yadzaza kale?"

"Ndamumva mayi wa penti."

Kupala kunaima. Kalipentala anapukuta manja pathalauza, n'kupukutanso, ngakhale analibe kanthu.

"Tandiimbirani," anatero telala, akumupatsa foni.

"Uli pomwepa, ndikuimbirenji?"

"Imbani basi. Ndikufuna ndione."

Anaimba. M'shedi munali zii, moti telala ankamva timawu totuluka m'foni ili kukhutu kwa mwamunayo. Anali bambo wina akukuwa za malata osachita dzimbiri. Foni ya telala italira, kalipentala anadula yekha. Anaimbanso: simenti. Anaimbanso: misomali. Nkhope yake inali ya munthu amene ali pamzere wa kuchipatala. Telala anayamba kulakalaka kuti asabwere mayi uja, kuti iye achite manyazi, apepese, abwerere kukamaliza diresi.

Kenako kanyimbo kaja kanalira.

Kalipentala anayesetsa. Anayang'ana kudenga, anakukuta mano. Koma pofika pa kaseko kaja maso ake anatsinzina okha, mapewa anagwa, ndipo nkhope yonse inafewa ngati ya mwana amene wanyamulidwa. Telala anali asanaionepo nkhope imeneyo. Ankangoimva pafoni. Foni yake inayamba kulira m'manja, iye n'kuisiya ilire mpaka inatopa.

"Ndiye mawu aja mumawatenga kumeneku," anatero.

"Kasingano, khala pansi."

"Ndaima bwino."

Kalipentala anakhala yekha pathabwa lija. "Palibe china chimene chinatsala," anatero. "Zithunzi zilipo, koma chithunzi sichiseka. Foni yake inabedwa kuchipatala. Tsiku lina ndikuimbira kasitomala, ndinangomumva. Ndinagwetsa chitseko cha eni ake." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda kanthu mkati. "Ndinayesa kujambula ndi foni ya mnzanga, zinangomveka phokoso la msika. Ndinapita kusitolo kuja, abwana aja anaigulitsa, atsopano sakudziwa n'komwe kuti anali ndani. Ndiye umangoimba. Sudziwa kuti abwera liti."

"Bwanji osaimbira achemwali anu? Bwanji osaimbira wogulitsa matabwa?"

"Ndinkatero kale. Koma akamaliza kuyankhula, kumayankha munthu wofunsa za mitengo ya matabwa. Zinkandipweteka. Iwe ukayankha..." Anatambasula manja. "Zimapitirira. Sizidukira panjira."

Telala anagwira m'mphepete mwa benchi. Akanakonda akanapeza mkazi wamoyo, wa milomo yofiira, woti n'kumutukwana pamsika anthu n'kumaombera m'manja. Uyu akanamutani? Malemuyu anali waulemu, wosalakwa, ndipo ankangoitanira anthu penti.

"Mumandikonda ine?"

"Ndimakukonda. Bedi ili ndikupalira ndani?"

"Ndiye tiyeni pakona apa. Simukhadi ina ndikugulirani ndine. Iyo muichotse, muisunge m'bokosi, sindikuti muitaye."

Kalipentala anayang'ana foni. Chala chake chinayenda mpaka pachivundikiro cha kumbuyo, n'kuima pamenepo. Panja wina ankamenya chitsulo, kumenya, kumenya, osatopa.

"Tandipatsa nthawi pang'ono," anatero. "Masiku ano sabwerabwera ngati kale. Kwabwera malonda atsopano a penti, a anyamata oimba. Ndikuona kuti aja awachotsa posachedwa. Akangowachotsa, basi, zatha zokha. Sindingamuchotse ndi dzanja langa, Kasingano. Ndinamuika kale m'manda kamodzi."

Anayankhula moona mtima, ndipo n'zimene zinapweteka kwambiri. Telala anamuyang'ana, utuchi uli m'tsitsi, maso ali ofiira, ndipo anadziwa kuti munthu ameneyu amukondabe kwa nthawi yaitali.

"Ndamva," anatero. "Koma tandiuzani chimodzi. Akadzawachotsa, muzidzandiyankhula ndi mawu ati?"

Kalipentala anatsegula pakamwa. Telala anadikira. Anam'patsa mpata wonse, anafika pomupempherera mumtima kuti aname, anene chilichonse mofewa muja, payekha, popanda kanyimbo. 

"Ndi omwewa," anatero, ndipo anatuluka ouma ngati thabwa.

Telala anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anavula mphete ya chitomero n'kuiika pabenchi, pakati pa guluu ndi misomali, mosamala kuti isagubuduke.

"Akwathu ndikawauza ndekha. Sindikanena za penti, musaope. Ndikangoti sitinagwirizane."

"Kasingano."

"Bedilo malizani. Ndi labwino, ligulidwa."

Pobwerera sanathamange. Okonza njinga anamupatsa moni ndipo anawayankha. Mayi wometa tsitsi anasuzumira, nthabwala ili kale pamilomo, koma atamuona kumaso anabwerera mkati mwakachetechete.

Achemwali anali pampando pomwe paja, diresi losamaliza lili m'thupi, manja atawatambasula pang'ono kuopa mapini.

"Mlamu?"

"Imirirani ndikuvuleni."

"Lesi ija mwaipeza?"

"Siifunikanso."

Achemwali anaimirira osafunsanso kanthu. Telala anagwada, n'kuyamba kuzula mapini kuyambira m'munsi, imodzi imodzi, akuziika pakamwa monga mwa chizolowezi. Atafika m'chiuno anaima. Dzanja lolemera la achemwaliwo linatsika n'kukhala pamutu pake, ndipo telala analavulira mapini m'chikhatho kuti alire bwinobwino.