Banki Nayo Inauzidwa za Maliro

Makina otapira ndalama pabanki analavulanso khadi. Achimwene ake a Singano analipukuta pamalaya, n'kuliuzira mpweya ngati lagwera m'fumbi, kenako n'kulilowetsanso. Kumbuyo kwawo mzere unali utakhotera kumsewu, ndipo mayi wina wobereka mwana anali atayamba kale kutsonya. Singano anafunsa ngati nambala yachinsinsi sanaisokoneze. Iwo anati nambala imeneyo amaidziwa kuposa tsiku lawo lobadwa, poti malemu bambo awo ankatuma iwowo kukatapa ndalama maondo akavuta. Makinawo anakhala ngati akuganiza, n'kulavulanso.

Bambo awo, wosoka nsapato, anali ataikidwa m'manda sabata yathayo. Chimene anasiya ndi shopu ya chipinda chimodzi pafupi ndi pokwerera mabasi, komanso ndalama za lendi ya shopuyo zimene ankaunjika kubanki. Mwininyumba ankalandira za theka la chaka pakamodzi, ndipo nthawi yake inali kutha kwa mwezi womwewo. Singano ndiye anakulira m'shopumo, m'fungo la guluu ndi chikopa. Dzinalo anamupatsa ndi bambo ake, ati chifukwa cha kuwonda ndi pakamwa pobaya. Ntchito ina sanaphunzire, ndipo shopu ikapita, iye ndi mayi ake analibe pena podyera. Achimwene ake, dalaivala wa minibasi wodziwa mmene dziko limayendera, ndiwo anabwera ndi nzeru yakuti atape ndalamazo mwakachetechete banki isanamve kanthu, alipire lendi, zamapepala zibwere pambuyo.

Analowa mkati. Anadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi, kenako anafika kwa mtsikana wa zikhadabo zopaka utoto, waulemu wake ndithu. Anayang'ana khadi, anayang'ana pakompyuta, nkhope n'kuigwetsa monga anamuphunzitsira.

"Pepani kwambiri ndi zovutazi. Akauntiyi tinaitseka dzulo. Kunabwera mayi ena kudzatiuza kuti eni ake anatisiya."

Achimwene ake anafunsa kuti mayi ake ati. Mtsikanayo anati akazi awo a malemu, ndipo anabwera ndi chikalata cha kuchipatala chomwe. Anafotokoza kuti tsopano palibe angakhudze ndalamazo mpaka khoti litanena woyenera kuzilandira, ndipo zakukhoti, monga aliyense akudziwa, sizifuna munthu wopupuluma. Singano anafunsa ngati zija amadula mwezi ndi mwezi aziimitsanso, poti mwini wake sakutapa, sakusunga, sakupuma n'komwe. Mtsikanayo anati zimenezo zimadulidwa zokha, sadula ndi munthu. Anawonjezera kuti kukhoti akafuna kalata yosonyeza ndalama zimene zatsala, ndipo kalatayo ili ndi mtengo wake, umene adzachotsa momwemo. Singano anaseka, kuseka kwa munthu amene misozi yamuthera pamaliro.

Kunyumba anapeza mayi awo akutsuka mapoto obwereka, akuwandandalika pakhonde kuti eni ake adzatenge. Achimwene ake sanakhale n'komwe pansi.

"Amayi, kubanki munakatani?"

Mayiwo anapukuta manja. Anati dzulo anayenda monse mmene bambo ankayenda, kwa wogulitsa zikopa, kwa mwininyumba, kwa dokotala amene ankawapatsa mankhwala a mtima, kukanena kuti munthu uja kulibenso, ndi kukathokoza. Pobwerera anakhotera kubanki.

"Anthu asunga thukuta la bambo anu zaka zonsezi, ndiye maliro akamvere kwa oyenda m'njira? Mwezi uliwonse amatumiza uthenga pafoni yawo, osaphonya."

"Uthenga umenewo amadulira ndalama, amayi. Si moni ayi."

Mayiwo anati ngakhale zili choncho, anawalandira bwino. Anawapatsa mpando wofewa ndi madzi ozizira, bwana wake anatuluka muofesi kudzawagwira dzanja, n'kuwapatsa pepala loti asaine. Palibe anawauza kuti pepalalo ndi loko. Achimwene ake a Singano atawafotokozera zonse, mawu akukwera mpaka oyandikana nawo kusuzumira, mayiwo anakhala pansi mphika uli m'manja. "Ndiye kuti ndalakwa," anatero, ndipo silinali funso. Achimwene ake anatenga makiyi a minibasi n'kutuluka osatsanzika. Singano naye mawu anali atadzaza m'kamwa, koma munthu ungamukalipire bwanji chifukwa cha ulemu? Anatenga mphika uja m'manja mwa mayi ake n'kumaliza kuutsuka.

Chowawa kwambiri n'chakuti bambo akewo banki anali atathana nayo kale mumtima. Ankati ndi chiswe, chitseko chimaoneka chilipo koma ukachigogoda mkati muli mphepo yokha. Kusunga ndalama, adula. Kutapa, adula. Kufunsa zimene zatsala, adulanso, kenako n'kukutumizira uthenga wokuuza kuti adula, uthengawo n'kuuduliranso. Foni ikalira ankaiyang'ana ali patali, n'kunena kuti alamu anga aja ayamba kudya osasamba m'manja. Mwezi wathawo analowa sako, bungwe la amisiri ndi ogulitsa a mumsewu mwawo, mmene anthu amasunga ndi kubwerekana okhaokha, phindu n'kugawana pakutha pa chaka. Anaikako kangachepe koyambira, n'kupita kubanki kuti akatseke akaunti, asamutse zonse. Kumeneko anawauza kuti kutseka nakonso n'kolipira.

Pamenepo makani a wosoka nsapato anadzuka. Anati polowa analipira, pokhala akhala akulipira, ndiye potuluka alipirenso chitseko? Anakanitsitsa. Sabata iliyonse ankavala jekete, n'kukakhala pabenchi kudikira bwana kuti awachotsere mtengowo, bwanayo ali pamsonkhano wosatha. Singano anawauza kuti angolipira, ndalama yake ndi ya kukhoma zidendene zingapo basi. Iwo anati nkhani si zidendene. Mtima unawagwira ali ndi nsapato ya munthu pamwendo, mlandu wa chitseko usanathe.

Masiku otsatira Singano anawathera m'mizere. Kukhoti anamuuza kuti abwere ndi kalata ya kubanki. Kubanki, mtsikana wina, osati uja, anamuuza kuti kalatayo amapatsa munthu amene khoti lamuvomereza. Anakagwada kwa mwininyumba. Bamboyo sanali wouma mtima, atamva za maliro anapereka chipepeso chooneka, koma anati pali wogulitsa mafoni amene ndalama ali nazo kale m'manja, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Achimwene ake anayesa kubwereka kwa mwini minibasi, anabwerako ndi malangizo okhaokha. Kuyambira pamenepo anasiya kudutsa kunyumba. Ankati akaona mayi awo, pakamwa pawo pangatuluke mawu osabwezeka.

Mayiwo nawo anasiya kulankhula. Ankasesa posesa kale, ankapinda zovala za malemu n'kuzipindulanso. Chakudya ankangochigwiragwira, n'kukankhira mbale kwa Singano ngati kuti kudya pang'ono kubweza lendi. Foni ya malemu inali pawindo, poti panalibe amene analimba mtima kuizimitsa. Tsiku lina masana inalira, Singano n'kuwerenga. Banki inali itadula za mweziwo, ndipo inkawathokoza bambo ake chifukwa chopitiriza kuyenda nayo limodzi. Apa m'pamene anataya mtima. Sanalire. Anangoona kuti kaya alawire chotani, kaya agwade kwa yani, shopu ija ikupita iye akuona.

Msungichuma wa sako anabwera yekha osaitanidwa. Anali mayi wonenepa wa saluni, ndipo anafika ali wefuwefu chifukwa cha chitunda. Atapepesa maliro anatulutsa envelopu m'chikwama. Anati malemu polowa analemba akazi awo kuti ndiwo adzalandire, choncho za khoti palibe. Zimene anaika ndi zomwezo, sanachotsepo kanthu, amayi angosaina basi. Mayi ake atamva za kusaina anayang'ana Singano ndi mantha, manja n'kuwabisa pamiyendo, mpaka iye atawagwedezera mutu.

Singano anasuzumira mu envelopu. Zinali zochepa, za lendi ya masabata owerengeka. Anafunsa ngati sako ingawabwereke zotsalazo. Msungichuma anaweramitsa mutu. Anati ngongole amapereka molingana ndi zimene munthu wasunga, ndiponso kwa amene wakhalitsako. Ndalamazo n'za osauka anzawo, sangaphwanye lamulo ngakhale mtima ukufuna.

"Akanangosamutsa zonse zija, mwana wanga, bwenzi lero ndakubweretserani zonse m'chikwama chomwechi."

Ananena mwachifundo, koma mawuwo anapweteka kuposa onse a kubanki. Pomuperekeza, Singano anafunsa ngati naye angalowe m'dzina lake. Msungichuma anati malo alipo, abwere akapeza koyambira, ndipo asachite manyazi ngakhale katachepa bwanji.

Mwezi unatha. Tsiku lotulutsa katundu, wa mafoni uja anali atayamba kale kuyeza makoma ndi tepi, akufunsa ngati fungo la guluu limatha. Singano anapitiriza ntchito yake. Ankalongedza nyundo, misomali, zitini za polishi ndi zikombole zoumbira nsapato m'makatoni. Pamalo pamene pankakhala makina osokera, simenti inali yoyera ngati yatsopano, ndipo pambali pake panali kadzenje kamene chidendene cha bambo ake chinakumba pazaka zonsezo. Mayi ake anakhala pakampando ka malemu, chikwama chili pamiyendo, envelopu ili momwemo. Singano anali ataigawa kale m'mutu. Gawo lina likhale lolowera sako, lotsalalo agule ulusi, guluu ndi ambulera, akakhale m'mbali mwa msewu ngati woyamba kumene. Zinali zonyozeka kwa mwana wa mwini shopu, koma china chogwira panalibe.

Pakhomo panaima mayi wotsimphina, wogulitsa zipatso pokwerera mabasi. Mwendo wake wakumanzere unali waufupi chibadwire. Nsapato zake ankasoka ndi bambo a Singano okha, yakumanzereyo ya soli yokwera, yoyezedwa ndi diso ndi chala, luso limene Singano ankati adzaphunzira chaka chamawa, chaka chamawacho n'kumangosuntha. Mayiyo anapepesa maliro. Kenako, akuyang'ana pansi, ananena kuti anali atalipiriratu nsapato zatsopano, poti zimene wavalazi zatha ndipo msana wayamba kumuwawa. Singano anazipeza pashelefu yam'mwamba. Chikopa chinali chodulidwa kale, chokhomedwa pachikombole, koma soli panalibe. Anazitembenuza uku ndi uku, ndipo anadziwa kuti sangazimalize.

Mayi ake anafunsa kuti analipira zingati. Atamva, anatsegula chikwama. Singano anawagwira mkono.

"Amayi, zatsala ndi zomwezi."

Wogulitsa zipatsoyo anayang'ana makatoni, anayang'ana makoma opanda kanthu, manyazi n'kumugwira. Anati iye sanabwere kudzavutitsa anamfedwa. Chikopa chinagulidwa kale ndi ndalama yomweyo, ndiponso malemu anagwirapo ntchito, choncho achotse zimenezo, amupatse theka lokha, kapena adzabwere zinthu zikadzakhala bwino.

Mayi ake anachotsa dzanja la Singano pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Mawu awo, amene anali atasowa masiku onsewo, anatuluka osanjenjemera.

"Bambo ake a mwana uyu ntchito ikakanika ankabweza zonse. Sankadula."

Anatulutsa ndalamazo, kuziika m'dzanja la mayiyo, n'kumupinda zala kuti asabweze. Envelopu inatsala yopyapyala, yoti ambulera yomwe singagulidwe. Singano anatembenukira kukhoma, osadziwa kuti akwiyire ndani. Nsapato yosamalizidwa ija inali idakali m'manja mwake. Chikombole chake sichinali chogula. Bambo ake anachisema okha molingana ndi phazi la mayiyo, ndipo kwa munthu wina aliyense chinali chikuni chabe.

Anatola nyuzipepala yakale pansi, n'kukulunga chikopa ndi chikombole chomwe. Anamanga ndi ulusi, kuudula ndi mano, n'kupereka kwa wogulitsa zipatsoyo ndi manja awiri.

"Mukapeza mmisiri wina, mukamuuze kuti asakakuyezeninso. Muyeso wake ndi womwewu."