Chumuni cha Apongozi

Adokotala atamuuza Erlinda kuti chimene chikumuwononga m'chifuwa ndi utsi wa nkhuni, iye anakagula mbaula ya gasi yolowetsa m'chumuni. Ku Baguio, mzinda wa kumapiri, munthu sangakhale wopanda moto miyezi yozizira, makamaka m'nyumba yakale yamatabwa ngati imene anamusiyira malemu mwamuna wake.

Koma mbaulayo inachepa. Pakamwa pa chumuni, pomwe ankasonkhapo nkhuni za paini, panali potakata kwambiri. Panafunika kumanga njerwa uku ndi uku, kenako n'kumata matailosi.

Mlamu wake Rogelio, mkulu wake wa malemuyo, anamupeza akukanda simenti pabalaza.

"Alamu, mukutani? Miyala iyi anayala ndi bambo athu, ndi manja awo."

"Ndikudziwa. Ndaipukuta mwaye chikwatiwire m'nyumba muno."

"Ndiye muikwirire ndi matailosi ngati bafa?"

"Akutsokomola ndani, inu kapena ine?"

Rogelio anayang'ana kumbali. "Mmisiri munamuitana uja ndamuuza kuti asabwere."

"Ndamva kale. N'chifukwa chake ndavala malaya a mng'ono wanu."

Erlinda anali asanamangepo njerwa chibadwire. Khoma lakumanzere linakhota, moti atakankha mbaulayo inangolowa theka n'kukakamira. Anakhala pansi, zala zitang'ambika ndi simenti, mtima ukuwawa. Anatukwana njerwa, anatukwana mwamuna wake pomusiya yekha ndi abale otere, kenako anadzuka n'kukafuna nyundo.

Rogelio atabweranso anamupeza akugumula khomalo.

"Mwaganiza bwino, alamu. Zinazi n'za amuna."

"Ndikuyambiranso. Tasunthani, mukunditchinga kuwala."

Ulendo uno anadula katoni yomwe mbaulayo inabweramo, n'kuiimika pakati ngati muyeso. Anamangirira mwala ku chingwe kuti aziona ngati khoma likuwongoka. Ankamanga mizere yochepa, n'kupuma, n'kumwa tiyi wa jinja, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Simenti itauma, mbaula ija inalowa bwinobwino. Matailosi anasankha obiriwira, mtundu umene apongozi ake ankadana nawo.

Za gasi sanazikhudze. Anaitana wodziwa ntchitoyo, amene analumikiza paipi, n'kuyesa ngati sikudontha, n'kuyatsa. Moto unabuka wopanda utsi ngakhale pang'ono, ndipo Erlinda anauyang'ana nthawi yaitali asanakhale pansi.

Rogelio analumbira kuti sadzapondanso m'nyumbamo, ndipo pa Khirisimasi sanabweredi. Kunangobwera mkazi wake yekha, Consolacion, atanyamula mbale ya pansit, chakudya chonga supageti, chifunga chitamunyowetsa tsitsi. Anavula nsapato n'kutambasulira mapazi kumoto.

"Akuti ndikawauze mmene mwawonongera," anatero Consolacion.

"Mukawauze kuti tailosi imodzi pansi apo yapendama. Akasangalale."

Consolacion anaseka, n'kukokera mpando pafupi ndi moto.