Mtondo Wopendekera pa Waya

Bornface atamaliza Fomu Faivi, sukulu ya ntchito zamanja ku Lusaka inamuuza kuti asankhe kosi imodzi: ukalipentala, kukonza mawailesi, kapena za matelefoni. Mtima wake unali pa matelefoni, ngakhale kwawo ku Chinyunyu kunalibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirapo foni. Waya wokha ndiwo unkadutsa m'mbali mwa msewu waukulu kulowera ku Chipata, osapereka ndi moni womwe.

Amayi ake, ba Estina, ankagulitsa nthochi pansi pa wayawo. Anali amasiye, ndipo ana awo awiri aakulu tauni inawameza kalekale. Za masetifiketi analibe nazo ntchito. Iwo ankangoopa kutsala okha pakhomo.

"Tenga ya mapulanga," anatero. "Zitseko na mabokosi a malilo tizifuna kuno kwathu."

"Amai, mapulanga sinikonda. Ba hedi bakuti matelefoni ndiye ali na tsogolo."

"Tsogolo lake lili kuti? Ku Lusaka. Ukayenda, wayendelatu."

 Bornface anali mwana wosadziwa kukangana, ndipo zimenezi zinkawapweteka kwambiri amayi ake, chifukwa ankaona kuti mwanayo akhoza kuwamvera n'kukhala wosakondwa moyo wake wonse.

Sabata yomweyo mvula yamkuntho inagwetsa nthambi n'kudula waya chakumtunda kwa akasupe otentha a pa Chinyunyu. Kunabwera galimoto ya amuna ovala maovolosi. Wina anakwera pamtengo wa waya, namangirira kafoni kakuda, n'kuyamba kulankhula ndi Lusaka ali m'mwamba ngati nyani. Atatsika anagula nthochi, ndipo ba Estina sanachedwe kumufunsa.

"Imwe batate, mumagwilila kuti nchito?"

"Paliponse pamene waya waduka, amai."

"Olo kuno kumudzi?"

"Maka-maka kuno. Mitengo yanu simatipatsa mpumulo."

Madzulo ba Estina anamuuza mwana wawo kuti atenge kosi ya matelefoni. Bornface anawayang'anitsitsa, kudikira kuti amve chifukwa chake, koma iwo anangopitiriza kusenda chinangwa.

Tsiku lonyamuka Bornface, basi itangozimiririka pakona, kunatulukira mlamu wa ba Estina, ba Yoram, nkhwangwa ili paphewa. Analonjeza kalekale kudula mtondo waukulu umene unapendekera pa waya kuseri kwa thandala la nthochi. Mizu yake inali itayamba kale kuonekera mbali imodzi.

"Mulamu, nabwela tiugwetse uyu mutengo, usakadule waya wa boma."

Ba Estina anauyang'ana mtengowo kuyambira kumizu mpaka kunsonga. Maso awo anali akadali onyowa.

"Kosi ya mwana ni zaka ziwili," anatero. "Muona monga ungalimbe kufika pamenepo?"

"Kapena. Koma chaka chachitatu uzagwa ndithu."

"Basi usiyeni."