Waya Wodutsa ku Kasanda

Norah anawachenjeza a Kizito kuti asamakumbe mbali ya kumapaipi akale, chifukwa si waya aliyense wokwiririka amene anafa pamodzi ndi mgodi. Iwo anangoseka. Anati chiberekere mwana, Norah amadzidzimuka ngakhale nkhuku ikayetsemula.

A Kizito anali mlongo wake wamkulu. Mgodi utatsekedwa mu 1994 anatsala ndi chisoti ndi majombo basi. Tsopano ankagona pabalaza kwa Norah ku Kasanda, masana n'kumafukula zitsulo m'milu ya dothi la mgodi, kukagulitsa kwa ogula zakale. Wamwayi anali Mateyu, mwamuna wa Norah. Kampani imene inagula maofesi a mgodi inamutenga kuti aziyang'anira makompyuta, ndipo nyumba yonse inkadyera pamenepo.

Vuto la Mateyu linali lokonda kufotokoza ntchito yake anthu akudya.

"Kuli kabokosi, timakaitana rauta," anatero tsiku lina. "Kali na njira ziwiri zotumira mauthenga kunja. Ina ni waya wa pansi, ina ni dishi ili pamwamba pa mutenge wa wekishopu. Zonse tinazipatsa mutengo umodzi, twente twente."

"Manje imodzi ikaduka?" anafunsa a Kizito.

"Inayo ilipo, mulamu."

Norah anaona kuti a Kizito asiya kutafuna. Mateyu sanaone, anali kalikiliki kujambula njira zija patebulo ndi chala chonyowa.

Patapita masiku, Norah anamva fungo la pulasitiki wowotcha kuseri kwa khola la nkhuku. Mkati munali thumba limene silinalipo dzulo lake. Analikankha ndi phazi, osasuntha. Pobwerera anapeza Natalie, mwana wake wa zaka zitatu, atavala chibangiri cha timawaya tofiira ndi tobiriwira, mphatso ya amalume. Atayesa kumuvula, mwana anakuwa mpaka aneba kusuzumira pampanda. Norah anangomuveka juzi ya manja aatali, dzuwa lili phwee.

Mateyu anabwera kukadali kowala, nakhala pampando osavula nsapato.

"Lelo zonse zinaima," anatero. "Wina adula waya."

"Si munakamba ati inayo ilipo?" anafunsa a Kizito.

Norah anafuna kuwagenda ndi chikho. M'malo mwake anachitsukanso, ngakhale chinali choyera kale.

"Ilipo," anayankha Mateyu. "Koma mutengo ukalingana, rauta imayang'ana khomo ili pafupi mukati mwathu. Khomo ya waya ndiye ili pafupi kupambana ya dishi. Ndiye zonse inali kutuma kwamene kuja."

"Ku waya woduka?"

"Siidziwa kuti waduka. Pakhomo paja pali kabokosi kena, kanali kuyaka bwinobwino, kali kukamba ati njira ilipo, twente. Chaduka chili kutsogolo, mu dothi. Rauta siyenda kukaona."

"Ndiye ni yopusa," anatero a Kizito.

"Imamvera chabe zimene yauzidwa."

Kukonza kwake, anatero Mateyu, sikunavute. Anakweza mtengo wa njira ya waya, zonse n'kuyamba kudzera pa dishi. Koma akuluakulu sanafunse za mtengo. Anafunsa kuti ndani ankadziwa modutsa waya. Odziwa analipo atatu, ndipo awiri mwa iwo ankakhala ku Lusaka.

"Mawa m'mawa abwera na apolisi kuyang'ana m'manyumba," anatero. "Ayambira pano. Akapeza ngakhale kachidutswa, nchito yasila."

Ananena ngati akunena za mvula ya kwina. Norah anaganiza za thumba lija, kenako za mkaka wa Natalie, umene anesi ankati asamauphonye chifukwa cha mtovu wa m'dothi la kuno.

Nthawi yomweyo Natalie anakwera pamiyendo pa atate ake, nakweza manja kuti anyamulidwe. Mkono wa juzi unatsetsereka.

Mateyu anagwira kadzanja kaja n'kukatembenuza mbali zonse. Anamasula timawaya tija pang'onopang'ono, ndipo mwana amene anakuwa m'mawa uja sanalire n'komwe. Anatiika m'thumba la malaya.

"Amake Natalie, mumusambike m'manja uyu," anatero. "Aseweretsa zinthu za mu dothi." Anatenga thaulo, natuluka kukasamba.

Pabalaza panatsala awiri. Madzi anayamba kumveka kubafa.

"Ninakamba ine," anatero Norah.

"Mulamu anati inayo ilipo."

"Ilipo. Simunamve?"

A Kizito anayang'ana majombo awo. Kenako anakoka limodzi, nagogoda dothi la kunsi kwake pakhomo.

"Nizanyamuka kukali mudima," anatero. "Nipita ku Kapiri. Saka nitenga."

"Mudzere kumbuyo. Kutsogolo kuli agalu a kwa a Philimon."

Norah analowa kuchipinda kukafuna chitenje chakale chokulungira thumba lija. Anasankha chakuda.